Nyemba Zokana Kupsa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo. Ine chifuwa chija chinatha.

Madzi a pampopi kuno ku Makokoba si ngati a pachitsime chathu. Amasiya zoyera ngati laimu m'ketulo. Lamulungu ndinatereka nyemba m'mawa, koma pofika masana zinali gwa. Apongozi anatafuna imodzi n'kulavula.

"Kodi mtsikana iwe, kwanu mumadya miyala?" anatero pamaso pa alendo.

Ndinangowerama. Tsopano akuuza amuna anga kuti andibweze kumudzi, ati sindinalangidwe.

Chidulo chikanafewetsa nyembazo, koma kuno timaphikira malasha amiyala, phulusa lake silithandiza. Chonde, wina akamabwera pa sitima, mumupatsire phulusa la mapesi. Abambo musawauze.

Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu,
Esinati