Kutisiya kwa Mayi Florinda, Mlembi wa Alimi a ku Lulimile

Lichinga, 19 Agosto 1988

Kwa bambo Bernardino, mwana wawo Rosália, abale ndi anthu onse,

Ife a Koperativa ya Alimi a Mbatatesi ku Lulimile talandira modzidzimuka uthenga wa imfa ya mlembi wathu, mayi Florinda, amene anatisiya Lachiwiri atadwala khansa ya m'magazi miyezi isanu. Ndipo mpaka lero tikungoyang'anana, misozi osatuluka.

Mayiwa anali mmodzi mwa anthu asanu ndi anayi amene anayambitsa koperativayi dziko litangolandira ufulu. Ndiwo anaphunzitsa amayi athu kulemba mayina awo, ndipo nkhondo itatseka msewu wa ku Cuamba, ndiwo anapezera minda ndi mbewu mabanja othawa kumidzi.

Mu 1981 anapezeka ndi khansa ya m'bere. Iwo ankakana ulendo wa kuchipatala, koma amuna awo, bambo Bernardino, anawaumiriza mpaka anakwera ndege ya ku Maputo, kumene analandira mankhwala amphamvu a m'mitsempha maulendo ambiri, chotupacho n'kuchiwotchanso ndi makina. Anabwera atachira. Chaka chino anayamba kufooka ndi kutuluka magazi m'nkhama. Adotolo anafotokoza kuti chithandizo choterechi nthawi zina chimavulaza mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwira, kotero kuti mwa odwala ochepa, makamaka olandira mankhwala ndi kuwotcha komwe kwa nthawi yaitali, khansa yatsopano imabuka patapita zaka.

Kumanda bambo Bernardino anandigwira mkono nati, "A Masudi, ndine ndinawakweza ndege ija. Ndikanangowasiya." Zimene ndinalephera kunena pamenepo ndikuzilemba pano. Mwezi watha, nditakawazonda, mayi Florinda anandiuza kuti, "Achimwene, amuna angawa akadzayamba kudziimba mlandu, mudzawauze kuti akanandifunsanso lero, ndikanakweranso. Pokwera ndege ija Rosália ndinamusiya ali wamng'ono, koma lero ndamuona akuphunzitsa ana a anthu."

M'malo mwa mamembala onse, Akhristu ndi Asilamu, tikupepesa banja lonse, ndipo tikupempha Mulungu akupatseni mphamvu zimene ifeyo pakali pano tilibe. Bambo Bernardino, zaka zisanu ndi ziwiri zimene tinakhala ndi mayi Florinda atachira, munatipatsa ndinu.

Masudi Salumu
Wapampando