Tonde wa Pakhoma la Butchala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Lachiwiri abambo anapita pa Thambani kukapangana ndi wopha mbuzi za tonde wa chinkhoswe changa. Pakhoma la butchala ajambulapo chithunzi chatsopano: tonde wavala epuloni, akumwetulira, akuyeza mwendo wa munthu pasikelo, nsapato ili kuphazi. Abambo akuti anaseka mpaka misozi. Kenako anaona kuti nsapatoyo ndi yong'ambika ngati yawo, phwete lonse linathera pomwepo.

Atafika kunyumba anayang'anizana ndi tonde wathu, n'kunena kuti, "Ameneyu sitipha."

Pano akumupatsa okha madeya pakhonde. Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Apongozi anga ndiwalandire ndi nyemba?

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati