Mbewu Yotsala M'botolo

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Champiti tilipo. Mdzukulu wanu Esinati anachira mwana wamwamuna mwezi wathawu. Anandipatsa kuti ndimunyamule, ndinamunyamula. Kachewere sanachite bwino chaka chino. Denga la khitchini likudontha pakona pomwe paja.

Za mpongozi wanu Nangozo sindikuuzani, poti muli naye komweko. Miyezi isanu ndi itatu yakwana chimwalirireni mkazi wangayo. Anthu amandifunsa mmene ndikumvera, ine ndimangoti bwino. Zoona zake n'zakuti sindimva kanthu.

Nkhani ndi ya mbewu ya chimanga cha makolo ija munamupatsa atangokwatiwa. Ankaisunga m'mabotolo, yothira phulusa kuopa anankafumbwe. Anasiya mabotolo anayi. Inu munkati, "Mvula yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ndi ya khasu. Ngumbi zikatuluka, dzala." Ndinatsata zonsezo. Ngumbi zinatuluka, ndinadzala mabotolo atatu. Chinamera bwino. Kenaka dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, chonse chinapserera chili m'mawondo.

Lachiwiri kunabwera kachipani kena kakang'ono. Nkhani yawo ndi imodzi basi, ya kusintha kwa nyengo. Mtsogoleri wawo kuno ndi mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi. Anafika pa kabaza, atanyamula mbande za mitengo m'beseni. Anthu anasonkhana poyesa kuti pali zitenje. Ataona mbande, a Jere oyandikana nafe aja anakuwa, "Mayi, kodi mitengoyi tivala?" Anthu anaseka, ambiri n'kumwazikana. Ine ndinatsala chifukwa kunyumba kunalibe chondiitana.

Mayiyo sanakwiye. Anati boma liyenera kuletsa kuwononga nkhalango ndi kuthandiza alimi kuthirira. Anatinso zizindikiro za makolo sizinali zabodza, koma mvula yake ndi imene yasintha. Atafunsa ngati alipo amene mbewu yamupserera, ndinaimirira. Ndinaima choncho mpaka anandiuza kuti, "Khalani pansi bambo, tamva."

Sindikudziwa ngati adzapambane. A Jere akuti ngakhale mwamuna wake sadzamuvotera. Koma mawu ake ndinabwera nawo kunyumba, pamodzi ndi mbande ziwiri.

Dzulo mvula inagwa, ngumbi zatulukanso. Aliyense ali kumunda kubwereza kudzala. Ine ndinatenga botolo lotsala lija, ndinafika nalo mpaka pamzere woyamba. Mawu anu ndinkawamva bwinobwino. Sindinatsekule.

Mundikhululukire, Amayi, aka n'koyamba kuti ndisakumvereni. Mundawu ndidzalamo mbewu yogula. Yanuyi ndidzaidzala kudimba mvula ikatha, pomwe ndingathe kuthirira ndi keni m'mawa uliwonse. Mitambo sindingaikhulupirirenso ndi botolo lomaliza.

Mumuuze Nangozo kuti phulusa lake likugwirabe ntchito, palibe njere yofumbwa. Ndikulonjeza kuti mbewuyi sithera m'manja mwanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuel