Adokotala Akubwera Loweruka

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Ntchito ndi yomwe ija yosunga agalu a anthu akapita ku ulendo. Pano ndili ndi atatu, aliyense mbale yake ndi unyolo wake, sindisakaniza. Mmodzi ndi wamkazi, waubweya woyera, wa adokotala. Pomusiya anandiuza katatu kuti, "Bambo, ameneyu asayandikane ndi galu wamphongo." Ndinavomera.

Geti ndimatseka ndekha. Koma tsiku lina mwezi watha, ine ndikuyanika mabulangete a agaluwo kuseri, mlamu wanu anatuluka kukataya zinyalala, osatseka geti. Akuti sanachedwe. Pobwera ndinakumana ndi chigalu cha aneba, choduka khutu chija, chikutuluka mosathamanga ngati mkamwini.

Tsopano woyerayu akudya kwambiri ndipo akungogona. Mlamu wanu akuti, "Wangonenepa, mumamudyetsa bwino." Dzulo ndinamuyeza pamimba ndi chingwe kawiri, ndipo mfundo yomwe ndinamanga pachingwecho sabata yatha sikufikanso.

Inu munawetapo agalu. Kodi zimayamba kuonekera pakatha masabata angati? Adokotala akubwera Loweruka. Chonde yankhani msanga, ndipo azakhali asamve.

Ndine msuweni wanu.