Ababa Alufeyo, Mlatho Uja Sunamangidwebe

ALUFEYO MUHIWA
wa kuseri kwa Mbombwe, Chiradzulu
1963 – 2022

Ababa, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Anthu amatiuza kuti mtima umazolowera, koma ife mpaka pano sitinazolowere. Ndine Lydia, mwana wanu woyamba. Ndikulemba m'malo mwa amayi, Vincent, Thandie ndi adzukulu anu.

Pa chithunzichi mukuoneka ngati okwiya, chonsecho munali munthu woseka mpaka kutsokomola. Tinkadziwa kuti mwadzuka tikamva likhweru la nyimbo ya kutchalitchi ndi kulira kwa pampu kuseri kwa nyumba, thalauza mutamanga kale ndi mphira m'akakolo kuti isakodwe mu tcheni. Ntchito yanu inali ya kabaza. Koma bungwe lina litasiya m'mudzi muno kangolo konyamulira odwala kokokedwa ndi njinga, a komiti ya zaumoyo sanachedwe n'kukambirana, anangokakankhira pakhomo panu. Chiyambire pamenepo chitseko chathu sichinapumenso. Munkasiya khasu pakati pa mzere, munkasiya mbale ya kalongonda mutangoiyamba kumene. Amayi akadandaula kuti nandolo akuwonongeka kumunda, munkangowayankha kuti nandolo sabuula.

Azimayi ambiri kuno amakumbukira mmene munkawaseketsera pa chitunda, inu mukupuma mwawefuwefu, iwo matenda atayamba. Munkawauza kuti amuuze mwanayo adikire kaye, chifukwa ngoloyi ndi ya munthu mmodzi. Okalamba oopa jakisoni munkawachezetsa m'Chilomwe njira yonse mpaka aiwale kumene akupita. Ena munkabwerera nawo atafunditsidwa mpaka kumaso. Tsiku lotero simunkakwera njinga ayi. Munkaikankha pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, ndipo madzulo ake simunkadya.

Munkatilangiza kuti munthu akadwala tisamati tione mawa. Koma inuyo, Ababa, munati tione mawa. Chotupa chija cha m'munsi mwa mimba a kuchipatala anakuuzani kuti n'chofunika opaleshoni, ndipo mukachira musadzakokenso katundu wolemera. Munabwera n'kutiuza kuti mupita mvula ikatha, poti inali nyengo ya malungo, ana ankakomoka nyumba ndi nyumba, ndipo panalibe wina wokoka ngolo. Amayi anakukalipirani, inu n'kuseka.

M'mawa wa tsiku lija munagwa pakhonde mutagwira pamimba, mukusanza. Ngolo inali itathyoka gudumu pa ulendo wa sabata yapitayo. Tinaimbira ambulansi, anatiuza kuti ili kwina ndipo matope a kwathu kuno singawathe. Gladson, mnzanu wa kabaza ya njinga yamoto, anabwera akuthamanga, koma simukanatha kukhala tsonga. Ndiye tinadula mitengo iwiri ya bulugamu, n'kumangapo bulangete la amayi. Amuna a m'mudzi anakunyamulani mosinthana, akuterereka, ife akazi tikutsatira ndi ambulera ndi botolo la madzi. Munthu amene munanyamula mudzi wonse pa matayala, munapita pa mapewa.

Titafika pamtsinje tinapeza kamlatho kamitengo kaja kulibe. Madzi anali ofiira, akubangula, atanyamula nthochi zathunthu ndi mbuzi yakufa. Kutsidya, a Hamadi a golosale anali atabweretsa kale galimoto lawo, injini ikulira, akutikodola ndi manja awiri. Nkhope yawo tinkaiona bwinobwino. Vincent anavula malaya, akuti akuberekani kumsana awoloke nanu. Munatsegula maso, munayang'ana madziwo kanthawi, kenako munamugwira mwendo. Mawu anu anali otsika koma tonse tinamva: "Mtsinje uwu ndimaudziwa. Usalowe. Amako asalire awiri."

Tinakugonekani pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pa miyendo ya amayi. Tinadikira. Azimayi anayamba nyimbo n'kuileka pakati. Munapempha madzi, munatsekanso maso, ndipo dzuwa litapendeka amayi anachotsa dzanja lawo pachifuwa panu n'kuyamba kukupukutani matope kumapazi ndi chitenje chawo. A Hamadi anazimitsa injini. Madzi atayamba kuphwera tinalibenso chifukwa chowolokera. Tinakunyamulani kubwerera nanu njira yomweyo.

Amayi akalamba msanga, Ababa. Pamtsinje paja sadutsapo. Akafuna kupita ku Boma amalolera kuzungulira njira yaitali, miyendo ikutupa. Chilimwe chatha mango a mtengo uja anabereka kwambiri, mdzukulu wanu Tawina anatola ena osadziwa n'kubwera nawo kunyumba. Amayi sanamukalipire. Anangolowa kuchipinda, ndipo sanatuluke tsiku lonse.

Thandie anamaliza sukulu ya unamwino monga munkafunira. Anamutumiza kumpoto kwenikweni, kumapiri a ku Chitipa, pa kachipatala kamene foni imagwira ukakwera pachulu. Ife tinkayesa kuti mavutowa ndi a kwathu kuno kokha. Iye akuti kumeneko anthu amatsetsereka mapiri ndi wodwala pa machira kuyambira m'mawa, ndipo ena akamafika pakhomo pake amakhala atazizira kale. Akuti akaona amuna anayi akutulukira pa chitunda ndi mitengo pamapewa, amawathamangira asanaone n'komwe amene agonapo. Chaka chino sabwera kudzaima nafe pamanda panu. Msewu wawo waduka.

Mlatho sunamangidwebe. Anabwera anthu ovala zipewa zoyera, anayeza, anakhoma zikhomo, anatijambula n'kupita. Zikhomozo ana anazula kalekale. Mvula ya chaka chatha Enelesi, mtsikana uja munathamanga naye kuchipatala atalumidwa ndi njoka ali wamng'ono, anachirira pagombe pomwe paja. Mwana ali moyo, akuleredwa ndi azakhali ake. Enelesi magazi sanaleke. Tikukuuzani chifukwa simunkafuna kubisiridwa za odwala anu.

Amene akutidetsa nkhawa ndi Vincent. Anawotcheretsa gudumu lija ndipo ngolo akukoka ndi iye tsopano, koma sayankhula zambiri, ndipo saseka. Tamuuza kambirimbiri kuti anangomvera mawu a bambo ake, kuti akanalowa tikanaika maliro awiri. Amangogwedeza mutu. Loweruka lililonse amatenga wilibala n'kumakatuta miyala ku phiri, kukaunjika pamene panali mlatho. Poyamba anthu ankati wazungulira mutu. Kenako Gladson anayamba kupita naye, kenako amuna ake a malemu Enelesi. A Hamadi amatula matumba a mchenga kutsidya kwawoko. Mwezi watha madzi anakokolola theka la miyalayo. Loweruka lotsatira, kusanache bwino, ndinamva wilibala ikulira, ikutuluka pachipata.

Ababa, gonani. Ife tikadali moyo, dzina lanu silidzazilala pakamwa pathu.

Akazi anu a Eluby, ana anu Lydia, Vincent ndi Thandie, ndi adzukulu onse.