Alendo amene bambo akuwaona

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu anga kumeneko ku Bulawayo. Kuno ku Liwaladzi ana ali bwino, koma ine ndatopa. Kunjenjemera kwa bambo kwakula, kapu ya tiyi sagwiranso okha.

Tsopano ayamba kuona anthu amene ife sitiwaona, ndipo amatikalipira kuti sitiyalira alendo mphasa. Tsiku lina anati pakati pa alendowo pali Nabanda, mayi wamasiye wa kuseri kwathu uja. Amalume atamva, basi akuti mfiti yapezeka, ichoke pamudzi. Chibwerere matipate aliyense ndi woweruza. Ndinawayankha mawu amene mwana sayankha amalume ake, mukundidziwa.

Lachiwiri ndinapita nawo bambo kuchipatala ku boma. Adokotala anafunsa, "Bambo, mumaona zinthu zimene ena saona?" Iwo anati, "Ayi mwanangu, maso anga ngabwino." Ine ndinafuna kuwatsutsa, koma adokotala anandiletsa ndi dzanja, nafunsanso, "Nanga muno muli ndani ndi ndani?" Bambo anatchula ife, kenaka analoza pakona popanda kanthu. "Ndi ana akhala pansiwo. Bwanji simukuwalonjera?"

Adokotala akuti zimachitika ndi matenda onjenjemerawa, nthawi zina ndi mankhwala omwe, ndipo asintha kamwedwe kake. Ufiti palibe.

Amalume ine sandimvera, akuti ndine mkazi wapakamwa. Inu amakuopani. Chonde alembereni msanga, chifukwa Nabanda wayamba kale kumanga katundu, ndipo alibe kopita.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati