Muswe Mtsuko Wotsalawo

Jingdezhen, 9 Seputembala 1966

Achemwali a Qiuyun,

Ndikupatsani moni. Kodi muli bwanji kumudziko? Nanga chifuwa cha amayi chikuwapatsako tulo? Kalatayi ndapatsira woyendetsa bwato. Mukawerenga muitenthe.

Kuno zinthu zaipa. Achinyamata ovala nsalu zofiira pamkono akulowa nyumba ndi nyumba, kuphwanya chilichonse chakale. Ena ndi ana a anzanga omwe timaotcha nawo mbale.

Mukuwakumbukira a Fang, gogo wolumikiza mbale zosweka ndi timisomali? Mitsuko yawo adaikwirira m'khola la nkhumba. Anawo adabaya pansi ndi zitsulo mpaka adaipeza. A Fang tidawaika m'manda dzana.

Lachiwiri adafika kwathu. Adapeza mtsuko uja amayi adandipatsa pochoka, woyera wa mbalame zabuluu, mnzake wa womwe uli kwanuko. Ndidawauza kuti timangoikamo nthenga zopukutira fumbi. Mtsikana wina adautembenuza, naona chidindo cha mfumu yakale kunsi kwake.

"Bambo inu, fumbi lanu ndi lachifumu eti? Iswani nokha, tione."

Ndidauswa. Kenako adagwaditsa mkazi wanga Yuezhen pa zidutswazo mpaka dzuwa lidapendeka, ine atandigwira. Mtima wanga ukuwawa, Achemwali, moti mpunga sukulowa.

Pempho langa ndi limodzi. Anthuwa ayamba kulowa m'midzi. Muswe mtsuko wotsalawo asanafike, zidutswa mukataye mumtsinje. Musaukwirire, musaupake utoto.

Ndikudziwa amayi akana. Anena zomwe amanena nthawi zonse, kuti mitsukoyo idabwera ndi agogo awo pa ukwati, kuti m'chilankhulo chathu mawu oti mtsuko ndi oti mtendere amamveka chimodzimodzi, ndipo iwiriyo ikakhala yamphumphu ana awo ali bwino. Asiyeni akutukwaneni. Maondo awo sangapirire zomwe ndaona kuno.

Akafunsa za mtsuko wanga, muwauze kuti ukadali m'nyumba muno. Simudzanama kwenikweni. Tizidutswa tina tikadali m'maondo a Yuezhen, ndalephera kutichotsa ndi singano.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa adzukulu a amayi onse. Yuezhen akupereka moni ali chigonere.

Tsalani bwino, ngati kungatheke.

Ine mlongo wanu,
Desheng